Kamkanjo ka Pamapewa: Mbiri ya Mozeta ndi Malire a Udindo

Anzanga ophunzira akale, ambiri a inu mudaonera pa kanema madzulo a pa 8 Meyi 2025 pamene Papa watsopano, Leo XIV, adatulukira pa khonde la tchalitchi la Petulo Woyera ku Roma. Pamwamba pa mkanjo wawo woyera adavala kachovala kofiira kophimba mapewa, kolekezera m'zigongono. Zaka 12 m'mbuyomo, pa 13 Marichi 2013, Papa Francis adaima pa khonde lomwelo atavala zoyera zokhazokha, kachovala kofiirako atakasiya. Nyuzipepala za m'maiko ambiri zidalemba za kusiya kwa woyambayo ndi kuvala kwa wachiwiriyo ngati nkhani yaikulu zedi. Munthu nkumadabwa kuti kansalu kochepa chotere kangautse bwanji mapiri pachigwa.

Kachovalaka dzina lake ndi mozeta. M'nkhani ino ndifotokoza kumene kadachokera, zimene kadaona m'zaka zoposa 500 zapitazi, ndiponso phunziro limene kali nalo kwa ife tonse, Akatolika ndi a mipingo ina omwe, makamaka amene tsopano tili ndi maudindo m'boma, m'makampani, m'sukulu ndi m'midzi.

Mozeta n'chiyani?

Anthu a ku Italy amalemba kuti mozzetta, ndipo odziwa chinenero chawo amati dzinali lidachokera ku mawu otanthauza kudula kapena kufupikitsa. Ndiye kuti ndi mkanjo wodulidwa. Ilibe manja, imangogona pamapewa, kuphimba chifuwa ndi msana, ndipo imamangidwa kutsogolo ndi mzere wa timabatani. Pansi pake pamakhala malaya oyera a nsalu yopyapyala ofika m'maondo, otchedwa rochet, ndipo pansi pa malayawo ndi pamene pali mkanjo wautali uja tonse timaudziwa.

Mozeta si chovala chochitira Misa. Episkopi akamapereka nsembe ya Misa amavala zina. Mozeta amaivala akakhala pa mapemphero amene akutsogolera ndi wina, akamalandiridwa pakhomo la tchalitchi, kapena pa miyambo ina ikuluikulu. Ya episkopi imakhala ya mtundu wa pepo, ya kadinala yofiira ngati magazi, ndipo ya Papa nayonso ndi yofiira ngakhale mkanjo wawo ndi woyera. Tisaisokoneze ndi kansalu kena ka pamapewa kotchedwa pellegrina, kamene n'kakafupi, kotsekuka kutsogolo, kopanda mabatani, ndipo kamakhala ka mtundu wofanana ndi mkanjo. Kansalu koyera kamene kankauluka ndi mphepo pamapewa a Papa Francis kadali pellegrina.

Idabadwira m'chisanu

Chiyambi cha mozeta chilibe ulemerero uliwonse. Matchalitchi akale a ku Ulaya adali a miyala, aatali ndi opanda chotenthetsera. Ansembe okhala pa tchalitchi lalikulu la episkopi, amene amatchedwa makanoni, ankadzuka usiku ndi mbandakucha kukaimba masalimo kwa nthawi yaitali. Tonse tikukumbukira mmene tinkanjenjemera popita kukawerenga m'mamawa mwezi wa Juni; tsono chisanu cha ku Ulaya chimafika poumitsa madzi. Pofika zaka za m'ma 1200 makanoni adali atayamba kufunda kachikopa ka ubweya kophimba mutu ndi mapewa, kotchedwa almutia. Padalinso chimkanjo chachitali chokhala ndi chipewa chosokerera kukhosi, chotchedwa cappa. Akatswiri a mbiri ya zovala za Mpingo ena amati mozeta ndi mdzukulu wa almutia, ena amati ndi cappa yodulidwa. Onse amavomerezana pa chinthu chimodzi, chakuti idayamba ngati chofunda, ndipo umboni wake udali kachipewa kakang'ono kamene kadatsalira kumbuyo kwa khosi, kochepetsetsa koti mutu wa munthu sungalowemo.

Amene mudavalapo gauni pa tsiku lolandira digiri mudanyamula mbale wake wa kachipewa kameneka. Mayunivesite oyambirira a ku Ulaya, monga Bologna, Paris ndi Oxford, adakulira m'manja mwa Mpingo, ndipo ophunzira ambiri ankavala ngati atumiki a Mpingo. Chinsalu chija chimalendewera kumsana kwa gauni, chimene palibe amene amachivala kumutu, chidachokera kumeneko.

Chithunzi chimene akatswiri amachitchula kawirikawiri ngati umboni wakale wa mozeta ndi chimene Melozzo da Forlì adajambula pakhoma m'chaka cha 1477. Chikuonetsa Papa Sixtus IV atakhala pampando, akuika Platina kukhala woyang'anira laibulale ya ku Vatican. Patsogolo pa Papayo paima mphwawo, Kadinala Giuliano della Rovere. Kadinala ameneyu ndi amene adadzakhala Papa Julius II, ndipo cha m'ma 1511 Raphael adawajambula atavala mozeta ya veleveti yofiira, m'mphepete muli ubweya woyera. Chithunzicho chili ku National Gallery mu mzinda wa London. Titian adajambula Papa Paul III m'chaka cha 1543, Velázquez adajambula Papa Innocent X m'chaka cha 1650, ndipo onsewa ali m'mozeta. Apa chofunda cha makanoni chidali chitasanduka chizindikiro cha ulamuliro. Papa yekha adafika pokhala ndi mitundu ingapo: ya silika yovala m'nyengo yotentha, ya veleveti yovala m'nyengo yozizira, yosaphulika yovala pa nthawi ya kulapa ndi ya maliro, ndi yoyera ya pa Pasaka. Ubweya wa m'mphepetewo udali wa kanyama konga likongwe kotchedwa ermine, kamene kamayera mbee nthawi ya chisanu.

Lamulo la malire

Gawo limene ine ndimaliona lofunika kwambiri pa mbiri yonseyi ndi la malamulo onena za kumene munthu ankaloledwa kuvala mozeta.

Zaka za m'ma 1500 zisanafike pakati, Mpingo udali ndi nthenda yoipa. Aepiskopi ena ankalandira madayosizi awiri kapena atatu, namadya chuma chake ali ku Roma kapena ku nyumba za mafumu, nkhosa zawo osaziona n'komwe. Ichi chidali chimodzi mwa zimene anthu otsutsa Mpingo pa nthawi ya Martin Luther ankaloza. Msonkhano waukulu wa ku Trent, umene udachitika kuyambira 1545 mpaka 1563, udalamula kuti episkopi azikhala m'dayosizi yake. Chitsanzo chotchuka ndi Charles Borromeo, mphwake wa Papa Pius IV, amene adapatsidwa ukadinala m'chaka cha 1560 ali mnyamata wa zaka za m'ma 20. Iyeyu akadatha kukhala mwa mtendere ku Roma, koma adapita kukakhala ku Milan, kumene kwa zaka zambirimbiri kudalibe arkiepiskopi wokhala komweko. Mliri utabuka mumzindawo m'chaka cha 1576, akuluakulu ambiri adathawa, iye adatsala ndi odwala. Zithunzi zake zambiri zimamuonetsa m'mozeta yofiira.

M'chaka cha 1600 Papa Clement VIII adatulutsa buku la miyambo ya aepiskopi, ndipo malamulo amene adakhazikika kuyambira nthawi imeneyo adamangirira mozeta ku dera. Episkopi ankaivala m'dayosizi yake mokha. Akadutsa malire kulowa m'dayosizi ya mnzake, ankaivula ndi kuvala chovala china chopanda manja, chofika m'maondo, chotchedwa mantelletta, chimene chinkaphimba malaya oyera aja. Malaya oyera oonekera ankatanthauza kuti pano ndine mwini mbumba; malaya ophimbika ankatanthauza kuti pano ndine mlendo. Episkopi wothandizira, amene adalibe dayosizi yakeyake, chovala chake chidali mantelletta. Arkiepiskopi ankaloledwa mozeta m'chigawo chonse chimene iye adali mkulu wake, koma osapyola pamenepo.

Makadinala nawonso, ndi ukulu wawo wonse, lamuloli linkawakhudza. Kunja kwa Roma ankavala mozeta momasuka. Koma mu Roma, poti mwini mudzi adalipo, ankayamba aphimba malaya awo ndi mantelletta, mozeta n'kubwera pamwamba, kupatula pamene kadinala adali m'tchalitchi limene adapatsidwa kuti likhale lake. Papa akamwalira, makadinala ankavula mantelletta, popeza pa masiku amenewo udindo wosamala Mpingo unkakhala pamapewa awo onse pamodzi. Polowa m'chipinda chosankhira Papa, aliyense ankakhala pa mpando wokhala ndi kadenga kansalu pamwamba. Mmodzi akasankhidwa, ena onse ankagwetsa timadenga tawo, n'kutsala ka wosankhidwayo kokha. Mwambo wa timadengawu udachitika komaliza m'chaka cha 1963.

Kwa ife zimenezi si zachilendo. Mfumu ikapita ku maliro m'mudzi wa mfumu inzake, amailandira ndi ulemu wonse, amaipatsa mpando, koma siweruza milandu kumeneko. Akuluakulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi. Chimene Mpingo udachita ndi kusoka nzeru imeneyi m'nsalu, kotero kuti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga, akangoona episkopi akulowa, ankadziwa ngati akuona mwini khola kapena mlendo. Mwini wakeyo naye, pomanga mabatani m'mawa, chovala chinkamukumbutsa pamene mphamvu zake zikulekezera.

Makadinala akuda

Kuti nsalu yofiirayi siidali yamasewera, adaonetsa ndi mafumu amene adalimbana nayo. Kufiira kwa zovala za kadinala kumatanthauza kuti mwini wake ndi wokonzeka kukhetsa magazi ake chifukwa cha chikhulupiriro. Mu Meyi 1535 Papa Paul III adapereka ukadinala kwa John Fisher, episkopi wa ku Rochester ku England, amene adali m'ndende chifukwa chokana kuvomereza Mfumu Henry VIII kukhala mutu wa Mpingo m'dzikomo. Pa 22 Juni chaka chomwecho Fisher adadulidwa mutu, zovala zofiirazo asanazivale n'komwe.

Nkhani ina idachitika ku France. M'chaka cha 1809 Napoleon adalanda dziko la Papa, nagwira Papa Pius VII ndi kukawatsekera ku Savona. Makadinala ambiri adawasamutsira ku Paris. Kenaka adasiya mkazi wake Joséphine kuti akwatire Marie Louise, mwana wa mfumu ya ku Austria. Bwalo la Mpingo la ku Paris lidathetsa ukwati woyambawo, koma Papa, amene mwa mwambo ndiye ankaweruza milandu ya maukwati a mafumu, sadafunsidwe. Pa tsiku la ukwati, pa 2 Epulo 1810, mipando ya makadinala 13 idali yopanda anthu. Napoleon adapsa mtima koopsa. Adawalanda chuma, adawabalalitsira m'matauni osiyanasiyana, ndipo adawaletsa kuvala chofiira chilichonse. Ankayenda m'mikanjo yakuda ngati ansembe wamba, n'chifukwa chake mbiri imawatcha makadinala akuda.

Napoleon ankaganiza kuti akalanda nsalu walanda udindo. Koma patangopita zaka zinayi ufumu wake udagwa, Papa Pius VII adabwerera ku Roma pa 24 Meyi 1814, ndipo mmodzi wa makadinala akuda aja, Ercole Consalvi, ndiye adakaimira Papa ku msonkhano wa ku Vienna, kumene adabwezetsa mbali yaikulu ya dziko limene lidalandidwa. Lero amene amakumbukiridwa ndi ulemu ndi 13 ovulidwa aja, kuposa anzawo amene adasunga zofiira zawo pokakhala nawo pa ukwatiwo.

Kufika kuno kwathu

Chovala chobadwira m'chisanu cha ku Ulaya chidafika ku Africa pamapewa a amishonale, ndipo padatenga nthawi kuti chigone pamapewa a mwana wa kuno. M'chaka cha 1939 Papa Pius XII adadzoza Joseph Kiwanuka wa ku Uganda kukhala episkopi. M'chaka cha 1957 Ambuye Cornelius Chitsulo adadzozedwa kukhala episkopi woyamba wachimalawi, ku Dedza. Mpaka nthawi imeneyo aepiskopi a m'dziko muno ankayang'anira madera awo ngati nthumwi za Papa, ndipo maina a uepiskopi wawo adali a mizinda yakale ya kutali. M'chaka cha 1959 maderawo adasanduka madayosizi enieni, Blantyre nakhala likulu la arkiepiskopi. Kuyambira pamenepo episkopi wa Dedza kapena wa Zomba adakhala mwini khola mwa dzina lake. Chaka chotsatira, 1960, Papa John XXIII adasankha Laurean Rugambwa wa ku Tanganyika kukhala kadinala, woyamba wakuda wa mu Africa m'nthawi yathu ino.

Tanthauzo la kufiira kuja lidakwaniritsidwanso pa nthaka ya Africa. Mu Marichi 1977, patangopita masiku ochepa chiphedwere Pulezidenti Marien Ngouabi wa dziko la Congo, Kadinala Émile Biayenda wa ku Brazzaville adatengedwa kunyumba kwake usiku ndi kukaphedwa.

Sizasi ya Papa Paul VI

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu ambiri mu Mpingo adayamba kuona kuti zovala zachifumu sizikugwirizana ndi umphawi wa akhristu. M'chaka cha 1952 Papa Pius XII adalamula kuti mchira wautali wa chimkanjo cha makadinala ufupikitsidwe. Pa nthawi ya Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, mawu amenewa adakula. Pa 13 Novembala 1964 Papa Paul VI adaika chisoti chawo chachifumu paguwa, nachipereka kuti chithandize osauka. Pa 16 Novembala 1965 aepiskopi pafupifupi 40 adakumana m'manda akale a pansi pa nthaka a Domitilla ku Roma, nalonjezana kuti adzasiya nsalu zamtengo wapatali ndi zizindikiro za golide, ndi kukhala moyo wofanana ndi wa anthu awo.

Pa 31 Marichi 1969 likulu la Mpingo lidatulutsa malangizo atsopano a zovala. Chipewa chachikulu chofiira cha makadinala chidathetsedwa. Kachipewa ka kumbuyo kwa mozeta, chikumbutso chomaliza cha makanoni onjenjemera aja, kadachotsedwa pa mozeta za makadinala ndi aepiskopi. Mantelletta nayo idachotsedwa pa zovala zawo, ndipo episkopi aliyense, ngakhale wothandizira, adaloledwa kuvala mozeta kulikonse kumene angapite.

Papa John Paul II, amene adatichezera kuno mu Meyi 1989, ankavala mozeta ya silika yopanda ubweya. Papa Benedict XVI adabwezeretsa ya veleveti ndi ubweya pa 8 Disembala 2005, ndipo yoyera ya Pasaka m'chaka cha 2008. Otsatira maganizo awo ankati chovala cha udindo chimabisa munthu kuti paoneke mpando, ndipo wokana chovala cha makolo nthawi zina amadzionetsa yekha koposa wochivala. Atatula pansi udindo pa 28 Febuluwale 2013, Papa Benedict sadavalenso mozeta, ndipo ngakhale pellegrina adaisiya, kusonyeza kuti zonsezi zidali za mpando. Papa Francis sadavale mozeta pa zaka 12 za upapa wawo, ndipo owayamikira ankati mbusa wa anthu osauka sayenera kuoneka ngati mfumu ya m'zithunzi za Raphael. Mbali zonse ziwirizi zili ndi mfundo, ndipo mkangano wake sudzatha msanga.

Chimene chidatayika

Ine ndikuona kuti zambiri zimene zidadulidwa m'chaka cha 1969 zidayeneradi kudulidwa. Mpingo umene akhristu ake ambiri amavutika kupeza ndalama za feteleza ndi fizi ya ana sungadandaule za michira ya silika. Koma pochotsa mantelletta padapita chinthu chimene sichidali chodzikometsera. Malamulo a Mpingo akadanenabe kuti episkopi amalamula m'dayosizi yake mokha, koma maso a anthu sakuonanso zimenezi pa chovala. Padatsala chovala chonena kuti uyu ndi wamkulu; chovala chonena kuti wamkuluyu pano ndi mlendo ndicho chidapita.

Anzanga, ambiri a ife tili ndi mozeta zathu: yunifolomu, gauni ya kukhoti, chidindo cha ofesi, galimoto ya boma, mpando wa kutsogolo pa msonkhano. Zinthu zimenezi si zoipa, pakuti anthu amafunika kudziwa woti apiteko ndi madandaulo awo. Vuto lathu n'lakuti timayenda nazo paliponse. Bwana wa ku ofesi amafuna akhale bwana pa mzere wa kuchipatala, pa komiti ya sukulu ya kumudzi, pa zokambirana za chinkhoswe cha mphwake, ngakhale pa msonkhano wa bungwe lathu lino, pamene tonse tidadyera nyemba za mphika umodzi. Ena amafika poganiza kuti chidindo ndi chawo, mpaka tsiku limene kalata yopumitsa ntchito ifika, n'kupeza kuti amene ankawagwadira ankagwadira mpando. Paja amati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Mbiri ya kamkanjo aka ikutionetsa anthu a mitundu itatu. Pali Borromeo, amene adamvetsa kuti wovala chizindikiro cha dera ayenera kukhala m'deralo ngakhale pa nthawi ya mliri. Pali makadinala akuda, amene adalola kuvulidwa nsalu kusiyana ndi kugulitsa udindo umene nsaluyo inkaimira. Ndipo pali aepiskopi ambirimbiri osatchuka, amene kwa zaka zoposa 300 ankati akafika pa malire a dayosizi ya mnzawo, ankamasula mabatani, kupinda mozeta, ndi kulowa ngati alendo. Mwa atatuwa, chovuta kwambiri kwa ife ophunzira ndi chachitatuchi, poti palibe amene amachiimbira m'manja. Achinyamata amene ali m'makalasi amene ife tidakhalamo akutiyang'ana, ndipo adzaphunzira kanyamulidwe ka udindo poona mmene ife tikunyamulira wathu.